Mpando wa Kachala

M'nyumba muja sukulu inali pa tebulo lodyera. Ana asanu ndi awiri, mipando yosafanana, bolodi lopachikidwa pa msomali pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Belu linali supuni ndi chivundikiro cha poto. Likangolira, mayi wa anawo ankasanduka Aphunzitsi, ndipo woiwala n'kuitana kuti "Amayi" ankatsuka mbale zamasana yekha.

Agogo malo awo anali pakona, khanda pamiyendo. Kusukulu sanapondeko chibadwire. Ntchito yawo inali kuona ndi kuchenjeza. Osaika pensulo m'kamwa, ikubaya pammero. Osapendeketsa mpando, wina anathyoka msana motero. Osayandikira soketi ndi manja onyowa. Osawerengera padzuwa, maso amapsa. Zidzukulu zinali zitawazolowera, mpaka mapasa ankawatsanzira kubafa. Wina: "Ana inu, mufa!" Mnzake: "Inde Agogo, tinafa dzulo."

Banjali linali ndi lamulo lake. Tsiku lotseka chaka, mwana aliyense ankaimirira n'kuwerenga buku la msinkhu wake onse akumva. Akakhoza, ankanyamula mpando wake n'kusunthira chakuwindo, n'kulandira buku la mkulu wake. Wolephera ankakhala pomwepo chaka china. Mabuku anali omwewo chiyambire, omatamata ndi selotepi, onunkha manja a ana.

Chimene chinkawasowetsa mtendere Agogo chaka chimenechi chinali Kachala, mdzukulu wachisanu, amene anamutcha motero chifukwa choyamwa chala mpaka mano kutuluka. Kachala anali pa buku lofiira, la mbuzi imene inakwera basi. Ankaliwerenga mosadodoma, mawu ake ali mbee, chala chikuyenda pansi pa mizere. Aphunzitsi ankamutama pamaso pa anzake.

Koma Agogo ankaona maso. Mwana akamawerenga maso ake amayenda, amapunthwa, amabwerera m'mbuyo. A Kachala ankangoima malo amodzi ngati a munthu wodikira mvula kuti ikate. Tsiku lina masamba awiri anamatana ndi jamu, iye anawatembenuza pamodzi, koma nkhani ya mbuzi inapitirira yonse osadumpha kanthu. Buku lija ana anayi anali ataliwerenga mokweza iye akukwawa pansi pa tebulo. Linalowa m'makutu mwake asanayambe kuyenda.

Agogo anali atanenapo kale kwa mpongozi wawo, nyengo yozizira ija.

"Amake mapasa, mwana uja sakuwerenga."

"Amayi, sabata yatha munati akhala wakhungu chifukwa cha dzuwa. Lero sakuwerenganso?"

Anakanena kwa mwana wawo, bambo wa anawo, amene ankakonza magetsi m'nyumba za anthu n'kumabwera madzulo mapewa atagwa. Iye anangovula nsapato n'kuti, "Amayi, za sukulu asiyireni eni ake."

M'mawa wa tsiku lotseka, nyumba yonse inali piringupiringu. Mapasa ankakangana za malaya oyera, mkulu wa onse ankasita, kamnyamata kotsatana ndi Kachala kankalira kuti nsapato yake wabisa ndani. Agogo anamukokera Kachala kuchipinda chosungira katundu, namuonetsa katoni ya sopo imene inali ndi zilembo zikuluzikulu ngati dzanja.

"Tandiwerengera apa, mdzukulu wanga."

"Ndi sopo, Agogo."

"Sopo ndikumuona. Ndati zalembedwazo."

Kachala anaika chala pa katoni. Milomo inatseguka, n'kutsekeka. Chala chija chinachoka pa katoni n'kupita kukamwa, chinthu chimene anasiya kalekale.

"Zimayendayenda, Agogo," anatero motsitsa mawu. "Ndikaziyang'ana zimasinthana malo ngati nyerere."

"Chiyambire?"

Mwana anagwedeza mutu. Kenaka anawagwira nsalu ndi manja onse awiri.

"Musanene. Chonde Agogo, musanene. Akandisiya pomwepo, mng'ono wanga andipeza, ndiye mapasa azindiseka mpaka kufa."

Njira imene mwanayu ankalowera Agogo ankaidziwa ndi mapazi awo. Ankadziwa kuima padepoti n'kumafunsa tiana ta eni kuti basi iyi ikupita kuti. Ankadziwa kulowa chitseko cholakwika kuchipatala anthu n'kumakuyang'ana, kumwa mankhwala potengera mtundu wa botolo, kunamizira kuti magalasi waiwala kunyumba pamene magalasi ulibe n'komwe. Kuthandiza mwanayu sakanatha. Wakhungu angatsogolere mnzake kuti?

Masana chivundikiro cha poto chinalira. Bambo anali atapempha kuweruka msanga, anakhala pakhomo ndi ovolosi yawo. Mkulu wa onse anawerenga, nasuntha mpando mpaka pawindo penipeni. Wachiwiri anakhoza. Mapasa anakhoza movutikira, wina akunong'oneza mnzake. Kenaka Kachala anaimirira ndi buku lofiira, osayang'ana kukona.

Anawerenga ngati madzi otsetsereka. Mbuzi inakwera basi, inakhala pampando wakutsogolo, inadya chipewa cha dalaivala. Bambo anawomba m'manja.

"Ameneyu ndiye watengera ine!"

"Nyamula mpando," anatero Aphunzitsi.

"Dikirani kaye."

Anali Agogo. Anapatsira khanda kwa mkulu wa onse, naimirira, mawondo akulira.

"Ndipatseni bukulo."

Mapasa anagundana zigongono. Agogo analandira buku, nalitsegula pamene linatsegukira lokha, naika chala pa pepala monga ankachitira Kachala. Anayamba. Mbuzi inadzuka m'mamawa, inaona basi itaima pamsewu, inati lero ndiye ndikaona tauni. Mawu ndi mawu, osaphonya, mpaka chipewa cha dalaivala. Nawonso anali atalimva bukulo zaka zonse zija ali pakona.

Ankafuna kuti akamaliza anene kuti: mwaona, ine sindidziwa ngakhale chilembo chimodzi, ndiye mwanayu mupatseni pepala lina limene sanalimvepo. Koma asanatseke pakamwa nyumba inaphulika ndi phwete.

"Agogo akhoza!"

"Asunthe mpando! Asunthe mpando!"

"Bukulo agwira chadodolido!" anakuwa mmodzi wa mapasa, akugubuduka pansi.

Bambo ankapukuta misozi ndi mkono wa ovolosi. "Amayi, chaka chamawa tikugulirani yunifolomu. Kodi munkatibisira?"

"Sindikuseka ine! Ndikuti mwanayu..."

"Agogo, osawerenga kwambiri, maso apsa!"

Phwete linanso. Agogo anayang'ana mpongozi wawo. Iye yekha sankaseka. Anaima ndi supuni ya belu m'manja, maso ali pa Kachala, ndipo Kachala anali atazyolika, chala m'kamwa. Agogo anaona kuti mawu afika. Anaona nkhope ya mayi uja ikugwa pang'onopang'ono.

Nthawi yomweyo khanda linalira, ndipo fungo la chopsereza linatuluka kukhitchini. Mpongozi anathamangira komweko. Agogo anamutsatira, namupeza akukanda pansi pa poto ndi mphamvu yoposa imene potoyo inkafuna.

"Amake mapasa, mwamva chimene ndimanena."

Sanatembenuke.

"Mupatseni pepala lina lililonse. Katoni ya sopo yomwe ija. M'mera m'poyamba, mwana wanga. Akakula nazo..."

"Amayi." Mawu anali otsika, ouma. "Ana asanu ndi awiri, ine ndekha. Achibale onse akudikira tsiku limene adzanene kuti tinakuuzani, atumizeni kusukulu ngati ana a anzanu. Chaka chonse sindinakhale pansi. Lero lokha ndilekeni ndikhulupirire kuti ndakwanitsa."

"Nanga mwanayo?"

"Ndidzamuona tikatsegulira."

Agogo anawadziwa mawu amenewo. Tikatsegulira kudzakhala kamnyamata koyamba buku lofiira, khanda litayamba kuyenda n'kumagwetsa zinthu, mkulu wa onse akukonzekera mayeso aakulu. Anafuna kuwonjezera chenjezo lina, koma anapeza kuti machenjezo onse anawathera pa mapensulo ndi masoketi.

Atabwerera kuchipinda chodyera, mpando wa Kachala unali utasunthidwa kale. Bambo ndi amene anaunyamula. Pa tebulo patsogolo pake panali buku lobiriwira, limene mapasa analiwerenga mokweza chaka chonse, aliyense nthawi yake, iye ali pambali pawo.

Ana anathamangira panja kukayamba tchuthi. Kachala anatsala. Agogo anasendera, nafuna kumugwira paphewa, koma mwana anazemba dzanja lawo.

"Ndinati musanene."

"Ndimafuna kukuthandiza, mdzukulu wanga."

"Inu mungandithandize bwanji? Simudziwa kuwerenga."

Agogo anabwerera pakona pawo. Kachala anatsegula buku lobiriwira, naika chala pa mzere woyamba. Milomo inayamba kuyenda, mawu akutuluka osalala, osadodoma. Dzuwa la pawindo linali litagwera pa pepala lonse, koma Agogo sanamuchenjeze. Ankangoyang'ana maso aja, ataima malo amodzi.