Botolo la Chitsekero Chofiira

Davison anali atathira kale mankhwala pa bedi loyamba pamene mkazi wake Consolata anatsikira kudambo, ndowa ili pamutu. Mbande za fodya zinali zitafika masamba anayi, ndipo pa esiteti yonseyo, kufupi ndi Santhe, panalibe tenanti wa nazale yokongola ngati yake. Mabedi ake atatu ndiwo anali chaka chonse cha banjali. Tenanti wopanda mbande amabwerera kwawo ku Phalombe chimanjamanja.

Dzulo lake a Lemani, kapitawo, anasiya mabotolo awiri pakhomo akuthamangira kumzere wa feteleza wa makuponi. Sanalongosole kanthu, anangomata kapepala pa botolo lililonse. Davison sizinamudetse nkhawa. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, mankhwala a tizilombo ta m'nazale ankabwera m'botolo la chitsekero chofiira.

"Bambo a Emmie, mwathira a m'botolo liti?" anafunsa Consolata akutula ndowa.

"Lofiirali. Kodi fodya ndayamba lero?"

Consolata analitola. Chiyambire sukulu ya kwacha miyezi inayi yapitayo, ankawerenga chilichonse chimene maso ake agwerapo, matumba, zikwangwani, ngakhale zolembedwa kumbuyo kwa njinga za kabaza.

"Tiyeni nazoni, aphunzitsi," anaseka Davison akusakaniza mankhwala m'kheni yothirira yachiwiri. "Pomamaliza mawu amodzi, fodya akhala atafika ku okushoni."

Mkaziyo anaika chala pakapepala, milomo ikugwedera. "O... phe... ra. Ophera u... dzu." Anadzutsa mutu. "Tulani kheniyo!"

"Mayi a Emmie, musasewere."

"Alemba kuti ophera udzu. Tulani!"

Davison analanda botolo nalinunkhiza. Fungo lake silinamuuze kanthu. Anayang'anitsitsa kapepalako monga munthu ayang'anira mlendo amene sakumukumbuka, kenako anayang'ana mkazi wake. Kheni inatsika yokha pansi.

Anatunga madzi mpaka dzuwa kufika paliwombo, kutsuka bedi lija, wina pachitsime wina pa kheni. Koma madzi akatayika saoleka: patsiku lachitatu bedi lonse linali litafiira ngati lawauka ndi moto. Awiri otsalawo anali obiriwira bwinobwino.

A Lemani atamva anagwira kukamwa. Zitsekero anazisinthanitsa potsanulira mankhwala kuchokera m'chigubu chachikulu. "Koma ndinalemba, achimwene. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu."

"Munalembadi," anatero Davison.

Masana amenewo anakhala m'chigafa chopanda fodya, akuwerengera m'mutu. Mabedi awiri, akawokera mosamala ndi kupempha zotsala kwa anzake, munda ukhoza kudzaza. Kheni yachiwiri ija ikanathiridwa, bwenzi pano akumanga katundu.

Consolata anamubweretsera madzi akumwa nakhala pambali pake. Davison anayembekezera mawu obaya, popeza iye akanakhala mkaziyo sakanawasunga. Sanabwere.

"Tsoka silinunkha, bambo," anangotero Consolata. "Ndinakuonani ndithu mukulinunkhiza."

Davison anaseka mosafuna. Anadzuka, nalowa m'nyumba, natulutsa zonse zimene ankasunga kudenga: timabotolo, timapaketi ta ufa woteteza chimanga, mankhwala a nkhuku. Anaziyala pamphasa.

"Werengani zonsezi. Musathamange."

Consolata anayamba ndi botolo la chitsekero chofiira lija. Atangoika chala, Davison anaika chake pambali.

"Kozungulira aka nchiyani?"

"Ndi O."

"Basi? Kophweka chonchi ndi kamene kandiphera bedi?"

"Sikophweka. Ine kananditengera sabata."

Davison anakanda kumutu. "Kusukulu kwanuko, amuna amaloledwa?"

"A Mphepo amabwera, ndi imvi zawo zonse zija."

"Amakhala kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo."

"Mukawauze asendere," anatero Davison, chala chili chikhalire pakapepala.