Matabwa a Atate Matiyasi

Bonifasi anali atazula kale thabwa lachitatu pakhoma la tchalitchi pamene mlongo wake Ireen analowa ndi amayi awo, aKetilina.

"Achimwene, pang'onopang'ono, mukanda penti."

"Penti adya ndani? Matabwa awa akakhala chitseko cha khola. Mbuzi zikugona panja."

Atate awo, aMatiyasi, anaikidwa m'manda Loweruka lapitalo. Ndiwo anajambula zithunzi za Njira ya Mtanda m'katchalitchi aka ka ku Kasenengwa. Tsopano akomiti anali atalandira zithunzi zosindikiza zochokera ku Chipata, za Yezu wosalala khungu, ndipo anapempha banja kuti lichotse zakalezo. Ankati Yezu wa aMatiyasi ndi wowonda kwambiri, amaopsa ana.

Ireen sanatsutse. Iyenso ankakumbukira momwe ankapalira thonje ndi amayi, atate ali pansi pa mtengo kusakaniza penti m'zitini. Atakwatiwa ku Tamanda, komwe makoma a tchalitchi ndi oyera mbee, sanazisowe zithunzizi.

Bonifasi atafika pa chithunzi cha Maria atafungatira mtembo wa mwana wake, amayi anamgwira mkono.

"Ichi chokha usachimenye ndi hamala."

"Amayi, akomiti anena zonse."

"Ndamva. Koma uyambe wachiyang'ana."

Ireen anayandikira. Nthiti zinkawerengeka, milomo inali yong'ambika, ndipo zilonda za m'miyendo sizinali za misomali ayi. Anazindikira mphumi ija. Anali Lazaro, mchimwene wawo wamkulu, amene anamwalira chaka cha chilala iye ali kutali.

"Atabwera kuchokera ku Lusaka ali mafupa okhaokha, anthu ankaopa ngakhale kapu yake," anatero amayi. "Inenso ndinkaopa kumukhudza. Atate anu ndiwo ankamusambitsa. Tsiku lomwalira anamfungatira chonchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pamaliro sanagwetse msozi, inu n'kumati ndi ouma mtima. Mwezi wonse wotsatira ankangobwera muno."

Ireen anayang'ana manja a Maria. Anali aakulu, achimuna, zikhadabo zosweka. Anakhala pansi pa simenti n'kuphimba nkhope.

Bonifasi anayang'ana chithunzicho. Kenako anaika hamala pabenchi, nayamba kugwedeza misomali ndi zala mpaka thabwa linamasuka. Analitsamiritsa pamiyendo ya amayi.

"Tikaliika kuti?" anafunsa. "M'nyumba mumadontha."

"Kuchipinda kwanga sikudontha," anayankha amayi.

AKetilina ananyowetsa nsonga ya chitenje m'madzi odalitsa a pakhomo, nayamba kupukuta fumbi pachithunzicho, pang'onopang'ono, osakhudza nkhope.

"Lachisanu lililonse atate anu ankatero," anatero osadzutsa mutu. "Ankayambira kumapazi. Ankati ndi komwe mwanayu ankadandaula kwambiri."