Kiyi Kaye, Zina Pambuyo

Mayi wina, telala wa m'kanjira ka kuseri kwa msika, anayamba kuiopa shopu yake yomwe. M'mawa uliwonse akatsegula ankapeza china chitasintha. Tsiku lina chidole chovekapo madiresi chinali chitatembenukira kukhoma. Tsiku lina nsalu ya makatani inali pansi, yopindidwa bwinobwino, ndipo ataigwira inali yofunda ngati wina wangodzukapo kumene. Loko sanathyoledwe. Ngakhale singano sinasowe.

"Bambo, m'shopu muja mukumalowa chinthu," anauza mwamuna wake, dalaivala wa lole.

"Chinthu chopinda nsalu? Mubwere nacho kuno chizitipindira zovala," anatero bamboyo akuseka.

Masana ena magetsi anazima, makina n'kuima. M'shopu munangoti zii. Kenako pamwamba pa siling'i panamveka kutsokomola, pambuyo pake kamluzu kapansipansi. Mluzu umenewo telala ankaudziwa. Amene ankaimba choncho anali achimwene ake, amisiri a zamagetsi, amene anasokonezeka mutu akazi awo atamwalira, n'kuyamba mowa, kenako n'kusowa zaka zingapo zapitazo. Abale anawafunafuna m'zipatala ndi kumotchale mpaka anataya mtima.

Telala anaitana mwamuna wake. Dalaivalayo atabwera anakwera makwerero, n'kukankha bolodi la siling'i. Mumdimamo munali maso awiri osaphethira.

"Alamu, tsekani. Kuwala kukundilasa," anatero mawu osasa.

Anali iwowo. Zaka zonsezi ankagona m'makhonde a masitolo ndi pansi pa milatho. Tsiku lina anamva mawu a mlongo wawo m'kanjirako, n'kupeza mpata wolowera m'siling'i mwa shopuyo kudzera padenga la nyumba yakugwa ya pafupi. Ankatsika shopu ikatsekedwa, koma kudzionetsa ankachita manyazi.

Anawatengera kunyumba, kuwasambitsa ndi kuwayalira pabalaza. Koma iwo ankangokhala tsonga moyang'ana khoma, akuyankha anthu amene wina aliyense sankawaona. Phokoso la ana linkawanjenjemeretsa. Sabata isanathe, banjalo linadzuka chitseko chili pululu. Anali atabwerera kusiling'i kuja.

"Ife tayesetsa," anatero dalaivala. "Ayambe asiya mowa, mutu ukhazikike, za pokhala tidzaona pambuyo."

Mawa lake m'shopu munabwera namwino kudzachepetsa yunifolomu. Telala akumuyeza m'chiuno, pamwamba panamveka kukwawa, fumbi n'kuyoyokera pansalu yoyerayo. Namwino anayang'ana kumwamba osathawa.

"Mayi, kumwambaku kuli munthu?"

Telala anagwetsa tepi, n'kuyamba kulira. Anafotokoza zonse, ngakhale mawu a mwamuna wake, amene panthawiyo anali ataima pakhomo.

"Bambo, maganizo amenewo ali ndi anthu ambiri," namwino anauza dalaivala. "Koma taganizani. Munthu wogona pamphepo mankhwala awasunga pati? Ife tikamufuna timupeza kuti? Bungwe limene ndimagwirako ntchito lili ndi nyumba zokhala ndi chithandizo. Munthu timamupatsa chipinda chakechake ndi kiyi. Si pogona pa masiku ochepa ayi, ndi kwawo. Sitimuuza kuti ayambe wachira kapena wasiya mowa. Akalowa, namwino amamuyendera, mlangizi amacheza naye, ndipo akafuna ntchito timamuthandiza kuifuna."

"Nanga kwathu kuja sinali nyumba?" anafunsa dalaivala.

"Inali nyumba yanu. Iwo anali mlendo wa pabalaza, wopanda chitseko choti n'kutseka. Chikondi munawapatsa, koma matenda awo amafunanso anthu amene anawaphunzira."

Atatero anakweza mawu, akuyang'ana siling'i. "Bambo, mwamva zonse. Sindikukukakamizani. Mukufuna kukachiona chipindacho?"

Kenako bolodi linasuntha pang'ono.

"Chimakiyidwa m'kati?"

"Eya."

"Angalowemo ndani?"

"Yekhayo amene inu mwamutsegulira."

Mwendo wotuwa ndi fumbi unatsika, ukufufuza makwerero.

Chipindacho chinali ndi bedi, tebulo, mpopi ndi windo loyang'ana pabwalo. Poyamba zinthu sizinayende msanga. Amisiriwo ankagona pansi pa tebulo, makatani ali otseka usana wonse. Namwino akagogoda, nthawi zina ankangomva kupuma kuseri kwa chitseko. Iye ankanena kuti, "Ndibweranso mawa," ndipo ankabweradi. Tsiku lina amisiriwo anamwa mowa mpaka kugwa pamasitepe. Palibe anawathamangitsa. Mlangizi anadikira kuti mowa uwachoke, n'kukhala nawo pansi.

Pang'ono ndi pang'ono anayamba kumwa mankhwala pa nthawi yake. Mawu aja a anthu osaoneka anayamba kutalikira. Mayi wa chipinda choyandikana nawo atadandaula kuti ayironi yafa, iwo anaimasula n'kuikonza. Mbiri inafala, ndipo tebulo lija linadzaza ndi maketulo ndi mawailesi a anthu.

Patapita miyezi, telala ndi mwamuna wake anapita kukawaona. Chitseko chinatseguka, amisiri ali ometa bwino, sikuludalaiva ili kukhutu.

"Lowani, achemwali. Koma alamu, nsapato zanu za girizizo zitsale panja. Ndakolopa."

Dalaivala anavula nsapato, n'kupukuta m'maso ndi chipewa.

Munthu wosowa pokhala tisamudikire kuti ayambe wachira ndiye timupezere nyumba. Choyamba apeze pakepake pokhazikika, ndipo chithandizo chimupeze pomwepo. Ngati muli ndi m'bale kapena mnansi amene akugona m'misewu, funsani azaumoyo kapena ofesi yosamalira anthu ya m'dera lanu za nyumba zokhala ndi chithandizo.