Kabotolo mu Filiji ya Kelvin

Rohini atazemberanso kuseri kwa golosale ya Kelvin, mwamuna wake Naresh anamutsatira monyang'ama. Mawu a amayi ake anali akumuwotchabe m'makutu: "Mkazi wodwala pakati, miyezi yatha, amakafunanji kwa mnyamata wosakwatira m'mawa ndi madzulo? Anthu a ku Penal kuno akutiseka."

Anakankha chitseko. Rohini anali yekha, atakhala pa kireti ya zakumwa, jakisoni ali m'manja. Mu filiji yotsegula, kuseri kwa mabotolo, munali kabotolo ka mankhwala.

"Achimwene, nkhope yankhondoyo ichotseni," anatero Kelvin, yemwe anatulukira kumbuyo kwake. "Ine ndimasunga mankhwala basi. Akazi a eni sakwana mu filiji yanga."

Rohini anagwetsa nkhope.

"Ndili ndi matenda a shuga, a Naresh. Kuyambira ndili mtsikana."

"Osandiuza ine?"

"Mwaiwala mmene amayi anakanira chibwenzi cha akulu anu? Anati mkazi wa shuga amabereka maliro. Ndinaopa kukutayani."

"Nanga zotsekemera za kukachisi zimene amayi amakupatsa zija?"

"Akamandiyang'ana, ndimadya."

Naresh anakumbukira tsiku la chikondwerero cha Divali, nyale zitazungulira bwalo, iye akumudyetsa zotsekemerazo ndi dzanja lake, Rohini akumwetulira. Analakalaka nthaka itamumeza.

"Auzeninso zinazo, mlongo wanga," anatero Kelvin. "Wobisa matenda, maliro amamuulula."

"Anamwino anati mwana wakula kwambiri, ndikagonekedwe kuchipatala masiku asanakwane. Ndinasowa poyambira." Rohini anagwira mimba yake. "Lero mwanayu sanatakatake."

Naresh anatola kabotolo kaja, nagwira mkazi wake padzanja. Anadutsa pamsewu, anthu akuona, mpaka kunyumba kumene kunali galimoto. Amayi anali pakhonde, mbale ya zotsekemera ili pamiyendo.

"Wamupeza akutani?"

"Akudzibaya mankhwala. Ali ndi shuga, amayi, ndipo amaopa pakamwa panu. Tikupita kuchipatala."

Amayi anayang'ana mbale ija kwa nthawi. Anaiika pansi mwakachetechete, nalowa m'nyumba. Potuluka anali atanyamula chikwama cha zovala za mwana, maso ali pansi, ndipo anakakhala kumbuyo m'galimoto osaitanidwa.

Panjira Rohini anakoka dzanja la apongozi ake n'kuliika pamimba pake, ndipo awiriwo anadikira kuti mwana atakatake.