Dizilo ya a Abednego pa Msewu wa ku Midrand

"Iyi simamwa mafuta, imangonyambita," anatero a Abednego, akusisita boneti ya galimoto yawo panja pa mafulati ku Berea. "Tanki imodzi mwezi wathunthu. Dizilo, abale anga, ndi mafuta a anthu oganiza."

Linali Lamulungu madzulo, ndipo amuna amene amamvetserawo analibe kopita. Majidu, mnansi wawo wa ku Machinga amene ankaperekera katundu m'timashopu pa kagalimoto kakale ka petulo, anangosuzumira pa dashibodi. Panali patamatidwa kapepala ka vesi la m'Baibulo.

"Kuseri kwa vesili kuli chiyani, achimwene?"

"Kanyali kachikasu. Kamangoyaka, kalibe ntchito."

"Galimotoyi mumafika nayo kuti?"

"Ku Doornfontein, kuntchito."

"Makilomita awiri basi? Dizilo za masiku ano zili ndi sefa yogwira mwaye. Zimafuna ulendo wautali kuti injini itenthe, mwayewo upse. Mukamangozungulira pompano, sefayo imatsekeka."

"Nsanje," anatero a Abednego mokoma mtima. "Munthu woyenda pa chitini cha petulo asandiphunzitse za injini."

Mkazi wawo Anastazia anamva zonsezi ali pawindo, akusita yunifolomu. Anali atakhala miyezi isanu osagwira ntchito, ndipo mwana wawo Shalom ankafunika nsapato za kusukulu. Tsopano ntchito ya m'nyumba inali itapezeka ku Midrand, m'nyumba zija za mumpanda. Madamu ake ananena kamodzi kokha pa foni: hafu pasiti seveni pageti, ukachedwa pali mayi wina akudikira.

"Ndikwera takisi," anatero Anastazia usiku womwewo, kunena maminibasi a kumeneko.

"Mkazi wa mwini dizilo kuima pamzere wa takisi? Anthu adzati chiyani?"

M'mawa mwake ananyamuka sikisi koloko. A Abednego anavala jekete. Pa loboti iliyonse ankazimitsa injini kuti asunge mafuta, ndipo pa loboti iliyonse a matakisi kumbuyo ankawaimbira hutala ngati akuperekeza ukwati. Anastazia ankangotembenuza foni m'manja.

Atalowa msewu waukulu, galimoto inayenda bwino mpaka kudutsa Sandton. Kenako pachitunda inayamba kulefuka. A Abednego anaponda mpaka pansi, koma iyo inkangokwawa. Malole anayamba kuwapitirira. Inawapitiriranso basi yodzaza, ana a sukulu akuwabayibitsa pawindo.

"Bambo a Shalom, chikuchitika n'chiyani?"

"Ikuganiza. Ili ndi kompyuta iyi."

"Iuzeni kuti ndi teni tu seveni."

Kanyali kena kofiira kanayaka pambali pa vesi lija. A Abednego anakayang'ana ngati mlendo wobwera nthawi ya chakudya. Anakhotera kumbali kwa msewu, pafupi ndi mphambano ya Buccleuch, ndipo injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete.

Anatuluka, natsegula boneti, naima manja ali m'chiuno. Munalibe chimene ankachidziwa mmenemo kupatula botolo la madzi otsukira galasi. Analitsegula, nalitsekanso.

Anastazia anatsika. Magalimoto ankadutsa ndi mphepo yokankha munthu. Anakweza dzanja kwa takisi ina, koma inali yodzaza. Yachiwiri sinachepetse n'komwe liwiro. Anayenda masitepe khumi kulowera ku Midrand ngati angakafike wapansi, nabwerera.

"Majidu amadutsa msewu uno Lolemba lililonse," anatero.

"Ayi. Aliyense koma ameneyo ayi."

"Muli ndi wina?"

"Tiipatse mphindi khumi ipume."

"Yapuma chaka chonse, bambo a Shalom."

Anastazia anaimba foni. Majidu anali atangodutsa Sandton, ndipo anangoti, "Imani pomwepo, alamu."

Inali seveni koloko itadutsa ndi mphindi khumi ndi ziwiri pamene kagalimoto kaja kanaima kumbuyo kwawo, katadzaza makatoni a sopo mpaka kudenga. Majidu anachotsa katoni imodzi pampando wakutsogolo n'kuipereka kwa a Abednego.

"Mundisungire, achimwene. Mukhoza kukhalirapo."

A Abednego anailandira ndi manja awiri, chifukwa panalibe njira ina yoilandirira.

Kagalimotoko kankalira paliponse, chitseko chinali chomanga ndi waya, koma kankathamanga. Majidu ankalowa apa n'kutulukira apo, akupepesa ndi dzanja. Anastazia anali pampando wakutsogolo uja. Ankawerenga zikwangwani, kenako foni, kenako zikwangwaninso.

Anafika pageti hafu pasiti seveni itadutsa ndi mphindi zinayi. Mlonda wamtali anatuluka ndi buku lake.

"Uyaphi, mama?" anafunsa m'Chizulu kumene ankapita.

Anastazia anatchula nambala ya nyumba. Mlondayo anaimba foni, koma kunalibe woyankha. Anaimbanso. Amayi atatu antchito amene ankadikira kulembetsa mayina anamuyang'ana, nayang'ana kumbali. Ankadziwa tanthauzo la kuima kotero.

Nthawi yomweyo foni ya Majidu inalira. Iye anaikweza mawu kuti onse amve.

"A Majidu," anamveka a Abednego, malole akuwomba kumbuyo kwawo, "ngati muli ndi chingwe, mwina pobwerera..."

"Chingwe chilipo. Chimangidwe ku galimoto iti?"

"Yanuyo."

"Ine ndilibe galimoto, achimwene."

Mmodzi wa amayi aja, amene anali Mmalawi, anayamba kumasulira anzakewo m'Chizulu.

"Muli nayo," anatero a Abednego. "Ya petulo. Ndi galimoto ndithu. Dzulo ndinalankhula molakwa."

"Amayi atatu ndi mlonda amva. Ndikubwera."

"Komatu mafuta anga akadali hafu tanki," anawonjezera a Abednego, Majidu asanadule.

Mlonda anaimba kachitatu. Ulendo uno wina anayankha. Analankhula pang'ono, akuyang'ana Anastazia kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenako anatseka foni ndi dzanja.

"Madamu akufunsa: uzibwera bwanji tsiku lililonse?"

"Pa takisi," anatero Anastazia. "Yoyamba kunyamuka."

Mlondayo anabwereza mawuwo pa foni, namvetsera, natembenuza buku lija kuti iye alembe dzina. Anastazia analemba mofulumira moti cholembera chinaboola pepala. Kageti ka oyenda pansi kanatseguka, ndipo analowa osacheuka, ali chothamanga.