Masheya a Bambo ndi Netiweki ya ku Zambia

Bambo anga ndi aphunzitsi ku Kamwendo, ndipo vuto lawo ndi limodzi: chilichonse chobwera pa gulu la aphunzitsi la pafoni amachikhulupirira kuposa mawu a mayi.

Zaka zitatu zapitazo anagula masheya a kampani ya mafoni ya netiweki yathu. Anati amenewo ndi fizi yanga ya kusekondale yogonera komweko, wina asawakhudze. Chaka chino ine ndiye ndinali nditalengeza kale kwa atsikana onse a Sitandade 8 kuti chaka chamawa sadzandionanso kuno.

Ndiye Lachiwiri lina pagulupo panabwera uthenga wamawu. Bambo wina wa mawu okhuthala, dzina osatchula, ankati kwabwera intaneti yochokera kumwamba, nsanja za mafoni zisanduka zitsulo zakutha, makampani ake agwa mwezi usanathe. A Lovemore, ahedi, anagulitsa masheya awo tsiku lomwelo. Kunja kutacha mtengo unatsikadi. Nanga ukanapanda kutsika bwanji aliyense akugulitsa? Mayi anawaletsa bambo kugulitsa, iwo n'kunena kuti aganiza kaye.

Lachinayi tinapita kumaliro kumudzi wina wa kufupi ndi malire. Foni ya bambo inaonetsa dzina la netiweki ya ku Zambia. Kuno aliyense amadziwa kuti ukayandikira malire foni imatero, ngakhale mbuzi zikudziwa. Koma bambo anaiyang'ana ngati aona njoka m'thumba.

"Amake Dyna, yathu ija yafa. A ku Zambia alanda kale."

Mayi anawafunsa monong'ona ngati kanali koyamba kufika kumeneko. Bambo anasiya maliro anthu akuimba, n'kukwera kabaza mpaka pamsewu pomwe netiweki yathu imagwira. Ndiye tamvani: pa netiweki yakufa yomweyo anaimbira bambo wa ku Blantyre amene amawagulitsira masheya, kuti agulitse onse, mtengo uliwonse.

Papita milungu itatu tsopano. Nsanja ya pa Kamwendo ili chiimire, akhwangwala akuteraponso, mtengo wa masheya wakwera kuposa kale. Zimene bambo anapeza akuti zingakwane temu imodzi basi, ndiye ndikalowa yoyendera.

Dzulo anandiitana n'kundiuza kuti yoyendera nayonso ndi sukulu, iwo ankayenda wapansi mpaka ku Ludzi osadandaula. Ndinati chabwino, n'kupitiriza kutsuka mbale, koma mwaphokoso.