Ndege ya a Gerevazio

Damiano anaimitsa galimoto pansi pa mtengo wa mapichesi, natsika atanyamula shuga ndi bulangete latsopano. Nkhungu inali isanachoke m'mapiri a ku Kabwazi. Loweruka likudzalo linali la chinkhoswe chake ndi Linda, koma nkhoswe wake, malume ake a Gerevazio, anali atatha milungu itatu osayankha foni. Akuchikazi anali ataneneratu kuti popanda mkuluyo sayala mphasa.

Mlandu wake unali wa chitseko. Damiano anali woyendetsa ndege, wachiwiri kwa kaputeni, ndipo mwezi wathawo anawakweza malume akewo kuti aoneko mitambo chapafupi. Ndege ili m'mwamba kulowera ku Joni, a Gerevazio anamasula lamba, nayenda mpaka kutsogolo. Anavula chipewa pa chitseko cha oyendetsa n'kunena kuti odi. Ananena katatu.

Damiano anawaona pa kamera atapinda mawondo pang'ono, monga amachitira pakhomo pa eni ake. Koma lamulo linali lakuti ndege ikanyamuka, chitsekocho satsegulira mlendo, kaya ndi nduna kaya ndi bishopu. Sanatsegule. Mayi wothandiza okwera anawabweza a Gerevazio pampando n'kuwamanga lamba ngati mbuzi yopita ku msika. Kampani inamulembera Damiano kalata yomuyamikira. Kumudzi nkhani inafika yakuti mwana wa mlongo wawo Ndapeza anamva odi wa malume ake katatu, osayankha.

Pabwalo anapeza a Bernadetta, akazi a malume, atanyamula keni yothirira.

"Mwachedwa, a Damiano. Yanyamuka kale."

"Chanyamuka n'chiyani, amayi?"

"Ndege. Atangomva galimoto yanu pa mlatho, alowa ndi a Yohana n'kutseka." Analoza nyumba ndi milomo. Pachitseko panalembedwa ndi makala kuti OYENDETSA OKHA, ndipo pakona ya zenera panatulukira paipi yakuda ya kudimba. "Muzilankhulira pa paipipo. Ine anandilemba ntchito yogawa tiyi kwa okwera, koma ndaisiya. Kabichi wanga akuuma."

Atatero anatsetsereka kupita kudambo.

Damiano ananjuta pafupi ndi paipi. "Odi, a malume."

Anabwereza kachiwiri, kachitatu. Kenako m'paipi munatuluka mawu a Yohana, mnzawo wa malume wa kutchalitchi.

"Okwera nonse khalani pansi, mumange malamba. Pano tili pamwamba pa Mozambique."

Pakhonde panali mtondo wovundikira, atauzunguliza chingwe cha ng'ombe. Damiano anauyang'ana kanthawi. Anali munthu wosazolowera kutsutsa chilengezo, choncho anakhalapo n'kudzimanga chingwecho m'chiuno.

"A malume, ndabwera kudzapepesa."

"A Yohana," anatero mawu a Gerevazio chapatali, "auzeni okwerawo kuti kaputeni sacheza ali pa ntchito."

"Akuti kaputeni sacheza ali pa ntchito."

"Ndamva. Nanga titera liti?"

Mkatimo munamveka kunong'onezana.

"Lolemba," anatero a Yohana. "Mphepo ikalola."

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Linda, ndi liwu limodzi lokha: Zatheka? Damiano anaibweza m'thumbamo. Nkhuku ziwiri zinabwera kudzajompha paketi ya shuga, ndipo chifukwa cha chingwe sanathe kuzifikira.

Anayesa kufotokoza. Anati lamulo lija silinapangidwire a Gerevazio. Linabwera chifukwa kunja kuli anthu amene analowapo m'chipinda chotere n'kulanda ndege, anthu ambiri n'kufa.

"A Yohana, afunseni. Ine amene ndinawabereka kumsana mpaka ku chipatala cha ku Kasina atalumidwa ndi galu, nkhope yangayi ndi yolanda ndege?"

"Akufunsa kuti iwo amene…"

"Ndamva, a Yohana. Ine ndimakudziwani, a malume. Chitseko chija ndicho sichikudziwani."

"Ichinso sichikukudziwa iwe," anatero a Gerevazio, ataiwala kudzera kwa a Yohana.

Dzuwa linaboola nkhungu. Damiano anakhala pamtondopo mpaka miyendo inachita dzanzi. Nthawi ndi nthawi a Yohana ankalengeza kuti kutsogolo kuli mabampu, ndipo mkatimo mipando inkagwedezeka. Chakumasana a Yohana anayamba kutsokomola kosalekeza. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, iwo ndiwo ankamenya limu ya galimoto yopachika pamtengo wa kutchalitchi ngati belu, kuitanira anthu ku pemphero la masana, ndipo anali asanaphonyepo.

"A kaputeni, nthawi ya belu yayandikira."

"Pitani, mubwereko msanga."

"Sizitheka. Lamulo lachinayi."

Panamveka mapepala akutembenuzidwa. Apa m'pamene Damiano anadziwa kuti malume ake sanangokhala pampando paja atakwiya. Anamufunsa mayi wa m'ndege uja malamulo onse a chitseko mpaka kukafika ku Joni, ndipo atabwerera anawalembetsa a Yohana m'kope.

A Yohana anawerenga mwapang'onopang'ono, ngati kalata ya abishopu. "Woyendetsa mmodzi asatsale yekha. Wina akatuluka, alowe wina wa ntchito ya m'ndege."

"Itanani Bernadetta."

"Apita kudimba," anatero Damiano m'paipi. "Akuti ntchito asiya."

A Gerevazio anatsitsa mawu.

"Lamulo limenelo lipumeko lero, a Yohana. Nzeru tili nazo, ndife akuluakulu."

"Munandigwiritsa kope ili n'kundilumbiritsa, a kaputeni. Sindituluka wina asanalowe. Komanso belu silingalephereke. Kwatsala mphindi zinayi."

"Ndiye mukufuna nditani?"

"Zitatu."

Damiano anamasula chingwe. Anatulutsa chitupa chake cha kuntchito, chokhala ndi chithunzi ndi chidindo, nachilowetsa pansi pa chitseko. Anamva a Yohana akuchiwerenga mokweza, dzina, udindo ndi nambala yomwe.

"N'chenicheni, a kaputeni."

Mipiringidzo iwiri inakokedwa. A Yohana anatuluka chothamanga, dzanja limodzi litagwira thalauza, lina chitsulo chomenyera belu. Damiano anavula nsapato nalowa.

Mipando iwiri inali itayang'ana kuzenera. Patebulo anamangirirapo chiwongolero cha njinga, pambali pake wailesi yopanda mabatire ndi makapu a tiyi asanu opanda kanthu. Kumbuyo kunali matumba a mbatata ya kachewere, lililonse litamangidwa lamba wake wa luzi. A Gerevazio sanatembenuke. Damiano anakhala pampando wa a Yohana, naika manja pamawondo.

Anauluka choncho. Limu inalira kutchalitchi, ndipo onse awiri anachita chizindikiro cha mtanda, aliyense n'kupemphera chamumtima. Atatha, a Gerevazio anayamba kusuntha pampando. Anapingasa miyendo, anaipingasula, anayang'ana makapu aja ngati adani.

"Gwira apa," anatero potsiriza. "Usakhote. Ndikatuluka utseke."

Damiano anadziwa kuti lamulo lachinayi likuswedwa, pakuti ankatsala yekha. Kope linali pomwepo, lotsegula. Analitseka, nagwira chiwongolero. Malume ake atatuluka kulowera kuchimbudzi, anabwezera mipiringidzo yonse iwiri.

Patapita kanthawi anamva mapazi pakhonde. Anaima. Panamveka kukhosomola, kenako chipewa chikuvulidwa.

"Odi kuno."

"Lowani, a malume."

Damiano anali atatsegula kale mawuwo asanathe. A Gerevazio anaima pakhomo chipewa chili m'manja, namuyang'ana kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Watsegula osasuzumira n'komwe. Bwanji akanakhala wolanda ndege?"

"Ndinazindikira mawu anu."

"Mawu munthu amatha kubwereka. Kuntchito kwako usadzayerekeze zimenezi."

"Sindidzatero, a malume."

Mkuluyo anavala chipewa, nakhala pampando wake. Anakonza chiwongolero pang'ono ngati kuti Damiano anachipotoza. Kenako anakoka paipi, nalengeza kwa nkhuku zimene zinali zitaboola kale paketi ya shuga pabwalo.

"Okwera nonse, mphepo yasintha. Titera Lachisanu masana."

Anaika paipi pansi.

"Jekete langa lakuda lili m'sutikesi. Upite kudimba ukawauze a Bernadetta alichape lero, kuti liume."

Damiano anaimirira.

"Khala pansi. A Yohana sanabwere."